Mukufuna kuphunzira HR? Werengani izi musanalipire fizi

Chaka chilichonse zotsatira za MSCE zikangotuluka, foni yanga sipuma. Ana a abale, achinyamata a kumpingo, ngakhalenso anthu amene ali kale pantchito koma akufuna kuwonjezera sukulu, onse funso lawo limakhala limodzi: "Amalume, kodi HR ndi kosi yabwino? Ndikaphunzire kuti? Ntchito zake zimapezeka?" Ndayankha mokwanira pa WhatsApp, tsopano ndingolemba kamodzi kuti wofunsa ndizingomutumizira. Koma pali funso lina limene palibe amandifunsa, ndipo ndi limene ndikhalitsepo kwambiri: kodi mudzatha kugwira ntchito ndi anthu amene simunawasankhe, ndi kumuuza mnzanu pamaso kuti mbali yake sakuigwira?

1. Dziwani kaye ntchito imene mukuifunayo

HR ndi chidule cha Human Resource Management, kutanthauza kuyendetsa nkhani zonse za anthu ogwira ntchito pamalo. Akuluakulu ena amatchulabe dzina lakale loti personnel. Wa HR ndi amene amalengeza kuti pali ntchito, kusankha oitanidwa ku intavyu, kulemba kontilakiti, kusunga fayilo ya munthu aliyense, kuwerengera masiku a tchuthi, kuonetsetsa kuti malipiro, msonkho wa PAYE wopita ku MRA ndi ndalama za penshoni zili bwino, kukonza maphunziro a apantchito ndi kumva madandaulo. Kuno kwathu onjezanipo maliro. Wantchito akamwalira kapena akaferedwa, foni ya pakati pa usiku imalira kwa inu, ndipo m'mawa mwake mukuthamangira bokosi, galimoto ndi chipepeso. Ndinunso amene mudzapereke kalata yochotsa ntchito kwa munthu amene dzulo munadya naye nsima.

Ambiri amalakwitsa pa zinthu ziwiri. Ena amabwera chifukwa akuthawa masamu, osadziwa kuti kuwerengera ovataimu kapena ndalama za munthu wochotsedwa ntchito ndi masamu omwewo, ndipo mukaphonya mwadula chakudya cha banja lina. Phunzirani Excel msanga. Ena amati "ine ndimakonda anthu." Kukonda anthu n'kwabwino, koma ntchitoyi imafuna chilungamo ndi kusunga chinsinsi. Mudzadziwa malipiro a aliyense, matenda ake, ngongole zake ndi mavuto a m'banja mwake. Ngati nkhani imakuyabwani pakamwa, ganizirani kawiri.

2. Sankhani sukulu, ndipo fufuzani nokha

Njira zilipo zingapo. University of Malawi ku Zomba imaphunzitsa HR. Malawi School of Government, imene inapangidwa pophatikiza Malawi Institute of Management (MIM) ya ku Kanengo ndi Staff Development Institute (SDI) ya ku Mpemba, imaphunzitsa za kayendetsedwe ka ntchito, makamaka kwa amene ali kale pantchito. Ena amalowera ku Business Administration, monga ya ku MUBAS ku Blantyre, momwe HR imakhala limodzi la maphunziro ake. Pali mayunivesite omwe si a boma, komanso makoleji amene amakonzekeretsa ophunzira mayeso a mabungwe a kunja monga ABE ya ku Britain. Kuti mulowe digiri molunjika mumafunika makirediti 6 pa MSCE kuphatikizapo Chingerezi. Amene sanakwanitse, kapena ndalama zavuta, angathe kuyambira pa satifiketi kapena dipuloma n'kumakwera pang'onopang'ono akugwira ntchito.

Musanalipire tambala iliyonse, onani mndandanda wa National Council for Higher Education, NCHE. Onani zinthu ziwiri: ngati sukuluyo ndi yovomerezeka, komanso ngati kosi ya HR yeniyeniyo pasukulupo ndi yovomerezeka. Sukulu ikhoza kukhala pamndandanda koma kosi imene mukufunayo palibe. Musadalire zimene wanena wa pa risepushoni kapena mnzanu. Kandimverere anakanena za m'maluwa.

3. Werengani malamulo enieniwo, osati manotsi okha

Mabuku ambiri a HR amene mudzawerenge analembedwa ku Britain kapena ku America. Ndi othandiza, koma wantchito wa ku Limbe kapena wa ku esiteti ya tiyi ku Thyolo amatetezedwa ndi malamulo a Malawi. Yambani ndi Employment Act ya 2000 ndi zosintha zake, Labour Relations Act ya 1996, lamulo la penshoni, Workers' Compensation Act ya 2000, ndi Gender Equality Act ya 2013 imene imaletsa nkhanza zokhudza kugonana pantchito. Malamulowa amapezeka mwaulere pa intaneti pa MalawiLII.

Zina muziloweze pamtima. Maola ogwira ntchito pasabata sayenera kupitirira 48, osawerengera ovataimu. Tchuthi cha pachaka ndi masiku osachepera 18 kwa wogwira masiku 6 pasabata, ndi 15 kwa wogwira masiku 5. Mayi woyembekezera ali ndi ufulu wa tchuthi cha masabata osachepera 8 akulandira malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu. Ku penshoni olemba ntchito amaika 10 peresenti ndipo wantchito 5 peresenti, pochepetsetsa. Malamulo amasintha, choncho nthawi zonse fufuzani kuti mukuwerenga atsopano.

Koma gawo limene ndikufuna mulisunge kuposa onse ndi gawo 57 la Employment Act. Limanena kuti munthu sachotsedwa ntchito popanda chifukwa chomveka, ndipo ngati chifukwacho chikukhudza khalidwe lake kapena kagwiridwe kake ka ntchito, ayenera kupatsidwa kaye mwayi woyankhapo pa zimene akumunenazo. Mabwana ambiri amagwa pa milandu ku Industrial Relations Court, khothi loweruza milandu ya zantchito, osati chifukwa wantchitoyo analibe cholakwa, koma chifukwa sanamumve. Ngati muli ku Blantyre, Lilongwe kapena Mzuzu, pezani tsiku mukakhale kumbuyo m'khothi limeneli n'kumvetsera mlandu umodzi. Mudzabwerako mutamvetsa chifukwa chake fayilo ya munthu siyenera kusowa pepala. Gawo 57 tilipezanso kutsogoloku.

4. Asayimenti ya pagulu muitenge ngati ntchito yanu yoyamba ya HR

Pa kosi imeneyi alekichala amakonda kupereka ntchito za m'magulupu, ndipo ophunzira ambiri amadana nazo. Amaziona ngati chipsinjo, amangofuna malikisi basi. Komatu m'gulupu ya anthu 5 kapena 6 muli zonse zimene mudzakumane nazo ku ofesi: wolankhulitsa, wachete, wodziwa zonse, wobwera mochedwa, ndi wongofuna dzina lake lioneke pachikuto.

Vuto lotsirizali si la Amalawi okha. Katswiri wina wa ku France, Max Ringelmann, anayesa mphamvu za anthu okoka chingwe, ndipo mu 1913 analemba kuti gulu likamakula, mphamvu imene munthu mmodzi amaikapo imachepa. M'mabuku mudzapeza akuti social loafing. Inu munazionapo minibasi ikakana kulira: anthu 8 atsika kukankha, atatu akutuluka thukuta, enawo angoikapo dzanja. Munthu amachepetsa mphamvu akaona kuti mbali yake sikuoneka. Mankhwala ake ndi kuchititsa kuti mbali ya aliyense izioneka kuyambira tsiku loyamba.

Choncho pamsonkhano woyamba musathamangire funso la asayimenti. Yambani ndi kufunsana za moyo: ndani ali ndi laputopu, ndani amagwira ntchito ndipo amaweruka nthawi yanji, ndani amakhala kutali, ndani foni yake ilibe WhatsApp, ndani bandulo imamuvuta. Kambiranani za ndalama yopulintira tsiku lomwelo, chifukwa magulupu ambiri amadana pa ndalama yochepa ya mapepala. Kenako lembani tsamba limodzi: dzina la munthu, chimene achite, tsiku lobweretsa, ndi chimene gulu lidzachite wina akalephera. Aliyense asaine kapena ayankhe pagulupu kuti wavomera. Tsiku lobweretsa liikeni masiku atatu kapena anayi lisanafike tsiku la alekichala, poti magetsi amatha kuthima usiku womwe mumadalira.

Musagawane mafunso n'kudzangomata mapepala pamodzi tsiku lomaliza. Ntchito yotero imaoneka msanga, ndime yachiwiri imatsutsa yoyamba, ndipo pa presentation wina akafunsidwa za mbali ya mnzake amangoyang'ana pansi. Aliyense awerenge za mnzake mmodzi n'kumuuza pofunika kukonza.

Chinanso ndi cha kwathu kuno. M'makalasi a Loweruka ndi Lamlungu mumakhala bambo wa zaka 45 amene kuntchito kwake ndi bwana, pamodzi ndi mtsikana wa zaka 20 wongochoka ku sekondale. Bamboyo akalankhula koyamba, nkhani yatha, palibe angatsutse wamkulu. Ulemu umenewu ndi wabwino ndipo tisautaye, koma umabisa nzeru. Chitani chonchi: aliyense alembe ganizo lake pakapepala asanalankhule aliyense, kenako ayambe kulankhula wamng'ono, wamkulu atsirize. Wamkulu sanyozeka potsiriza, pabwalo la milandu mfumu imalankhulanso pomaliza. Ndipo musamangopatsa akazi ntchito yolemba maminitsi ndi kutayipa pamene amuna akutsogolera zokambirana. Muzisinthana. Kampani ya Google itafufuza magulu ake pa kafukufuku wotchedwa Project Aristotle inapeza kuti chachikulu pa magulu ochita bwino chinali chakuti anthu ankamasuka kufunsa, kutsutsa ndi kuvomera kulakwa osaopa kunyozedwa. Katswiri wina, Amy Edmondson wa ku yunivesite ya Harvard ku America, anali atalemba kale za zimenezi mu 1999.

Mukayamba kukangana pa sabata yachiwiri musadabwe. Katswiri wina wa ku America, Bruce Tuckman, mu 1965 anafotokoza kuti gulu limadutsa magawo anayi: forming, pamene aliyense ali waulemu chifukwa simunadziwane, storming, pamene mikangano yabuka, norming, pamene mwagwirizana kachitidwe, ndi performing, pamene ntchito ikuyenda. Pamayeso mudzalemba zimenezi mosavuta. Chovuta ndi chakuti magulupu athu ambiri amalumpha mkangano wa pamaso n'kukauchitira kuseri.

5. Kulankhula ndi munthu amene sakugwira mbali yake

Apa ndi pamene ambiri amalephera, ndipo mabuku amangodutsapo ndi chiganizo chimodzi choti muzilankhulana momasuka. Kulankhulako kumayamba bwanji?

Timachita chonchi kawirikawiri. Munthu wajomba misonkhano iwiri. Palibe amamufunsa. Timatsegula gulupu ina ya WhatsApp iye mulibe, n'kumadandaula m'menemo. Tikakumana naye timamwetulira, "Zikuyenda, achimwene?" Tsiku lopereka likafika timachita chimodzi mwa ziwiri: kuchotsa dzina lake pachikuto osamuuza, kapena kulisiya pomwepo tikung'ung'udza mumtima. Kuchotsa dzina osamumva ndi chimodzimodzi kuchotsa munthu ntchito popanda hearing (msonkhano womumva mbali yake), chinthu chimene gawo 57 limaletsa ndipo inu mukuphunzira kuti mudzachiletse. Kusiya dzina la amene sanagwire ndi kulanga amene anagwira, ndipo ulendo wotsatira nawonso adzangoikapo dzanja.

Ndili m'chaka chachiwiri, m'gulupu yathu ya anthu 6 munali bambo wina amene sanabwere misonkhano itatu. Foni ankayankha mwachidule, "Ndibweretsa." Tinagwirizana kuti dzina lake lichoke. Mayi wina wachikulire m'gulumo anatiyang'ana n'kufunsa, "Ana inu, mwamufunsa?" Palibe anayankha. Ananditumiza ine. Ndinamupeza kuseri kwa kalasi atakhala pa njerwa, maso ali ofiira. Nditamufunsa anakhala chete kanthawi, kenako anatulutsa m'jumbo kope la hadikava lonyowa m'mphepete. Munali masamba anayi olembedwa pamanja, mbali yake yonse, ndi mizere ya pensulo pansi pa mfundo zikuluzikulu. Bamboyo anali mlonda, ankagwira usiku. Akazi ake anali m'chipatala, ndipo masana ankakhala konko kuwadikirira. Laputopu analibe, ndalama yokatayipitsa analibe, ndipo ankachita manyazi kubweretsa za pamanja pakati pa ife amene tinkatumizirana mafayilo. Ndinatayipa masambawo usiku womwewo. Mpaka lero ndikamakonza hearing ndimaona kope lija.

Sindikunena kuti aliyense wojomba ali ndi wodwala kuchipatala. Ena ndi ulesi weniweni, ena anazolowera kuti anzawo adzawasenza. Koma simungadziwe kuti uyu ndi uti musanamufunse. Nayi njira yake.

Musachedwe. Lankhulani naye akangophonya tsiku loyamba limene munagwirizana, nkhani ikadali yaing'ono ndipo mtima wanu usanatupe.

Pitani mmodzi, pamaso, pambali. Osati pagulupu ya WhatsApp pamene anthu asanu akuwerenga. Munthu wochititsidwa manyazi pagulu amateteza ulemu wake, za ntchitoyo amaiwala. Ngati ndi wamkulu kwa inu kwambiri, tumani amene ali wa msinkhu wake, monga momwe timachitira pa nkhani za m'banja.

Nenani chimene chachitika, osati chimene munthuyo ali. "Ndinu waulesi" ndi chigamulo, ndipo adzachikana. Yesani motere: "Achimwene, tinagwirizana kuti mbali yanu ifika Lachitatu. Lero ndi Loweruka sitinailandire, ndipo asisi aja sangayambe yawo popanda yanu. Chachitika n'chiyani?" Mwatchula tsiku, mwatchula amene akuvutika, mwafunsa.

Mukafunsa, khalani chete. Apa ndi povuta kwambiri. Chete wa masekondi khumi amaoneka wautali, ndipo mudzafuna kumuthandiza kuyankha kapena kunena kuti "basi, palibe vuto." Musatero. Vuto lilipo, n'chifukwa chake mwabwera. Yankho loyamba nthawi zambiri limakhala "ndinatanganidwa." Funsaninso mofatsa, "Chikukuvutani ndi nthawi, kapena funsolo silikumveka?" Anthu ambiri amene amathawa gulupu amathawa chifukwa sanamvetse funso ndipo akuopa kuoneka mbuli, makamaka pa Chingerezi.

Gwirizanani chinthu chimodzi chooneka, chokhala ndi tsiku ndi ola. "Ndiyesetsa" si pangano. "Masamba awiri, Lolemba 6 koloko madzulo, ngakhale a pamanja, ndidzajambula ndi foni" ndi pangano. Mukasiyana mutumizireni uthenga wachidule wobwereza zimene mwagwirizana. Si kumutchera msampha ayi. Mutu umaiwala, ndipo mawa mungadzatsutsane pa zimene munanena. Ku ofesi chizolowezi chomwechi ndi chimene chidzakupulumutseni, chifukwa chenjezo la pakamwa limene silinalembedwe paliponse limavuta kuliikira umboni.

Akaphonyanso, mukumane naye muli awiri kapena atatu, mumukumbutse tsamba lija anasaina, ndipo mumuuze mosabisa chimene chitsatire: "Lachinayi likadutsa tikawauza alekichala, ndipo tikufuna mudzakhalepo kuti mukafotokoze mbali yanu." Musapite kwa alekichala mozemba. Asadzamve kwa ena kuti munakamunenera. Ndipo mukanena kuti muchita, chitanidi. Gulu limene limaopseza koma osachita limaphunzitsa anthu ake kuti mapangano ake ndi mawu chabe.

Mwina adzakwiya. Mwina sadzakupatsani moni mwezi wathunthu, ndipo ena adzati mumadzimva. Walira mvula walira matope. Wa HR amene amafuna kukondedwa ndi aliyense amathera pobisa mavuto mpaka aphulike, ndipo amene amavutika ndi antchito omwe ankawamvera chisoniwo. Ine ndimaona kuti kumuuza munthu pamaso, mwaulemu, nthawi yokonza ikadalipo, ndi ulemu waukulu kuposa kumumwetulira uku mukumudya miseche.

Tsiku lina wouzidwayo mudzakhala inuyo. Mnzanu akadzabwera kuti mbali yanu ndi yofooka kapena mumalankhula nokha pamisonkhano, musayambe ndi kudziteteza. Mufunseni akupatseni chitsanzo, muthokozeni, mukaganizire kunyumba. Gulu lonse limakhala likuona mmene mwalandirira, ndipo likaona kuti wonenayo sanalumidwe, enanso amayamba kulankhula.

Palinso wina amene sitimutchula kawirikawiri: wakhama amene amalanda ntchito yonse chifukwa sakhulupirira anzake. Amalemba yekha usiku wonse, gulu limapeza malikisi abwino, iye n'kumadandaula kuti amagwira yekha. Ngati ndinu ameneyu, dziwani kuti mukuwononga gulu mofanana ndi wojomba uja. Pantchito simudzatha kugwira ntchito za anthu 200 nokha. Lolani mnzanu alembe mbali yake ngakhale isafike pamene mukanafikitsa inu, kenako mukonzere limodzi.

6. Pezani poyeserera musanamalize sukulu

Musadikire digiri kuti muyambe. Nthawi ya attachment, yokayeserera ntchito mudakali pasukulu, ikafika, vomerani ngakhale malo aang'ono, sukulu, chipatala cha mishoni, bungwe la m'boma lanu, khonsolo. Akakupatsani ntchito yosanja mafayilo musanyansidwe. M'fayilo ndi momwe mudzaone kalata yolembera munthu ntchito, fomu ya tchuthi, kalata ya chenjezo ndi maminitsi a hearing mmene zimalembedwera zenizeni. Zimene mwawerengamo zithere momwemo, ngakhale kunyumba musakazinene. Pemphani kuti mukhale nawo pa intavyu ngati wolemba maminitsi. Fufuzaninso za Institute of People Management Malawi, IPMM, bungwe la anthu a ntchito imeneyi, kuti mudziwane ndi amene ali kale m'ntchitoyi.

Ngati attachment yavuta, magulu ali ponseponse: komiti ya achinyamata kumpingo kapena kumzikiti, banki m'khonde, komiti ya ukwati, timu ya mpira ya m'dera. Ku banki m'khonde mudzakumana ndi munthu amene sanabweze ngongole pa tsiku lake, ndipo njira ya pa nambala 5 ija idzagwira ntchito chimodzimodzi.

Sungani kope lanulanu. Mkangano uliwonse wa pagulu ukatha lembani mizere ingapo: chinachitika n'chiyani, munanena chiyani, munthuyo anayankha bwanji, zinatha bwanji, mukanasintha chiyani. Mayina musalembe. Pa intavyu ya ntchito ya HR funso loti mufotokoze nthawi imene munasemphana ndi mnzanu pagulu limabwera kawirikawiri, ndipo ambiri amayankha kuti iwo sakangana ndi munthu. Inu mudzatsegula m'mutu tsamba la kope lija n'kufotokoza tsiku, mawu amene munanena, ndi pangano limene munagwirizana.